Mutu 5: Batire Lofunda Chikhoti

1. Ntchito ya Agogo

Pakhomo paja aliyense anali ndi ntchito yake. Mayi ankagawa buledi m'magolosale pa njinga yamagetsi, ulendo wina m'mamawa, wina chakumadzulo. Mwana wawo, mtsikana wa kusekondale, ankasesa, kuchapa ndi kutsuka mbale. Anthu onse ankangomutchula kuti Changu, chifukwa mwanayu kudikira sankakudziwa. Tiyi ankamwa ali chiimire, zingwe za nsapato ankakamangira kumsewu.

Ndiye panali Agogo, bambo awo a Mayi. Kale anali mlonda wa nyumba yosungiramo katundu, ndipo chikhoti chawo cha ulonda, chachikulu komanso cholemera, chinkakhalabe pamsomali pakhonde lakuseri. Pakhonde pomwepo panali mpando wawo, ndipo pakona, pasimenti, ndi pamene ankatchajira batire la njinga.

Ntchito ya Agogo inali kulondera batirelo. Nyali ya tchaja ikasiya kufiira n'kubiriwira, ankazimitsa magetsi, kuzula tchaja, n'kudikira Mayi. Mayi akangolowa, Agogo ankaimirira njo, dzanja pachipumi.

"Katundu ali bwino, bwana!"

Mayi ankaseka tsiku lililonse ngati akumva koyamba.

Koma mutu wa Agogo unali utayamba kutaya zinthu. Tsiku lina anasiya mpopi chitsegulire mpaka madzi anafika pabalaza. Tsiku lina anasiya poto pamoto n'kupita kukacheza kumsewu. Analinso ndi chizolowezi chofunditsa zinthu. Wailesi ankaifunditsa nsalu, ketulo ankaifunditsa thaulo, ngakhale mphaka akagona pafupi nawo ankadzuka atafunda.

Amalume ake a Changu, alongo awo a Mayi, ankafuna kuwatenga Agogo kuti azikakhala kwawo, mbali ina ya tauni, m'nyumba yosanja. Kumeneko kunali wantchito woti aziwayang'anira tsiku lonse. Agogo ankakana kwamtuwagalu.

"Kumeneko mukanditsekera m'mwamba ngati nkhunda," ankatero. "Ndizikangowerenga madenga a anthu pawindo? Kuno ndili pantchito."

Mayi anali mbali ya Agogo. Koma nkhani ya poto ija itachitika, anawalonjeza Amalume kuti chikadzachitikanso china choopsa, sadzatsutsanso. Changu analimva lonjezo limenelo ndi makutu ake.

Malamulo a batire nawonso ankawadziwa, poti Mayi ankawabwereza kawirikawiri.

"Tamvera, iwe Changu. Chinthu ichi ndicho chikutidyetsa, komanso ndicho chingatiotchere nyumba. Ndikafika kuchokera ku ulendo, batire limakhala lotentha. Usalipatse magetsi nthawi yomweyo, liyambe lapuma, lizizire. Mlendo wofika thukuta lili kamukamu sumuthamangitsira chakudya, umayamba wampatsa mpando. Tchaja ikhale yake yomwe linabwera nayo, osati yobwereka, ngakhale ioneke yokongola bwanji. Likhale pasimenti, poyera, popita mphepo. Osaliika pabedi, osaliika pampando, osaikapo kanthu pamwamba pake. Likakhala pamagetsi pazikhala munthu woyang'ana, ndipo likadzaza, zula. Ukadzamva fungo lachilendo, kapena ukadzaona latupa, zimitsa magetsi, tulutsa agogo ako, undiimbire foni. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi. Linalo linali kale kwa anzake.

2. Kamodzi kokha

Loweruka lina Mayi atabwera ku ulendo wa m'mawa anakwera basi kukaona mnzawo wodwala kuchipatala. Anati abwera nthawi ya ulendo wa madzulo. Batire linapuma, linatchajidwa, nyali inabiriwira. Agogo anazimitsa magetsi, anazula tchaja, n'kukulunga chingwe chake bwinobwino. Changu anaona zonsezi chifukwa ankayanika zovala pafupi pomwepo. Kenako Agogo anakhala pampando wawo ndipo tulo tinawatenga.

Anzake a Changu anali kubwalo la mpira. Kwa nthawi yaitali ankamuseka kuti, "Njinga ya kwanu ija timangoionera mayi ako. Iwe amangokulola kuipukuta basi?" Mawu amenewo ankamuwawa kwambiri.

Ndiye mwana uja ananyamula batire mwakachetechete, analilowetsa m'malo mwake panjinga, n'kuikankha mpaka kunja kwa geti. Anati angozungulira bwalo kamodzi kokha.

Kamodzi, Changu? Koma abale! Atangofika, atsikana anamuunjirira. Uyu ndikwezeko, uyu ine sindinakwere, uyu tiye kuchitunda tione ngati ingakwere tili awiri. Inakweradi, anatsika, anakweranso. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anyamata anasiya mpira n'kumaimba malikhweru, ndipo Changu anamva kukoma koopsa.

Pamene anati ayang'ane pachiwongolero, timagetsi tosonyeza mphamvu tinali titazima, katatsala kamodzi, nakonso kakuphethira. Mayi anali ndi buledi wa magolosale onse a kumtunda woti agawe madzulo omwewo, ndipo tchaja ya kunyumba inkatenga maola ambiri kuti idzaze batire.

Anabwerera akupalasa ndi miyendo, njinga italemera, anzake atabalalika aliyense kwawo.

3. Ikalowa ndi yake

Pakona ya msewu wawo panali kanyumba kometera. Ankametamo mnyamata wina wokonda kuyankhula, amene ana onse ankamutchula kuti Lumo. Bwana wake anali ndi njinga yamoto yamagetsi, yaikulu, ndipo tchaja yake inkakhala pansi pa tebulo m'kanyumbamo.

Changu anamufotokozera Lumo vuto lake, misozi ili pafupi.

"Aa, zimenezo basi?" anatero Lumo akukung'untha tsitsi pansalu. "Katchaja ka kwanu kaja n'kaulesi. Tenga iyi ya abwana. Iyi ndi chilombo, mlongo wanga. Usanamalize n'kusamba komwe likhala litadzaza."

"Koma Amayi amati tchaja izikhala yake yomwe."

"Taona mutu wake. Sukufanana ndi wa kwanu? Ikalowa ndiye kuti ndi yake. Magetsi ndi amodzi, sasankha."

Changu anayesa. Inakana pang'ono, anaikankha ndi mphamvu, inalowa.

"Waona? Koma tamvera, ubweze msanga abwana asanabwere. Ndipo dzina langa lisatuluke. Ukangonditchula, ine ntchito yandithera."

"Sindikutchula," analonjeza Changu, n'kuika tchaja ija m'chikwama chake cha kusukulu.

Kunyumba Agogo anali akadali mtulo, mutu utapendekera paphewa. Batire linali lotentha moti polinyamula Changu ankachita kusinthasintha manja. Anakumbukira za mlendo ndi mpando zija, koma nthawi yopumitsa mlendo akanaitenga kuti? Analiika pakona, analumikiza tchaja ya eni, n'kuyatsa magetsi.

Tchaja ija inayamba kulira, kafani ka m'kati mwake kakuti fwiii. Agogo anatembenuka pampando n'kung'ung'udza. Akadzuka aona chinthu chachilendo, ndipo Agogo sankabisa lipoti kwa bwana wawo. Maso a Changu anagwera pamsomali. Anatsitsa chikhoti chija n'kufunditsa batire ndi tchaja yomwe, mpaka phokoso linangomveka chapansipansi.

Kenako anapita kumaso kwa nyumba kukatsuka fumbi la kubwalo pamatayala, kuti Mayi asazindikire kuti njinga inayenda. Pakhonde sipanatsale woyang'ana.

4. Fungo

Anatsuka matayala, anapukuta mpando wa njinga, anaibwezera pamalo pake. Ankasamba m'manja pamene fungo linamupeza. Linali lotsekemera koma lobaya m'mphuno, longa la mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo, losakanikirana ndi la nsalu yopserera.

Anathamangira kuseri. Pamsana pa chikhoti panali patada, kautsi kakutuluka pang'onopang'ono. Anazimitsa magetsi n'kukoka chikhoti. Mayo ine! Batire linali litatupa pakati, chikuto chake chitang'aluka mumsoko. Agogo, amene anali pomwepo pambali, anali akulizabe mkonono.

Lamulo linali lomveka bwino: zimitsa magetsi, tulutsa agogo ako, imbira Mayi. Changu anachita loyamba lokhalo. Anazula tchaja ya eni, yotentha ngati nsimbi, n'kuiponya m'chikwama. Kuti pakona pasaoneke pachilendo, anamasula chingwe cha tchaja ya kunyumba, chimene Agogo anakulunga bwino chija, n'kuilumikiza kubatire ndi kukhoma. Chikhoti anachisiya pansi pomwepo. Ndiye liwiro kwa Lumo.

Ndinene zoona, mwanayu sanakonze zoti anamizire agogo ake. Za agogo sanaziganize n'komwe, ankangoganiza zopulumutsa khungu lake. Koma ine kusaganizako ndi kumene kumandikwiyitsa. Anasiya nkhalamba ili mtulo pambali pa chinthu chimene chikanatha kuyaka nthawi iliyonse.

Lumo analandira tchaja, anainunkhiza, anamuyang'ana Changu, n'kuikankhira pansi pa tebulo ndi phazi.

5. "Mwina ndine"

Pobwerera Changu anapeza geti lili chitsegulire. Mayi anali atafika. Batire anali atalitulutsa ndi fosholo n'kuliika pamchenga, kutali ndi nyumba, ndipo aneba anali pampanda akusuzumira. Agogo anaima pakhonde atagwira chikhoti chawo ndi manja awiri, akuyang'ana bowo lopserera lija.

"Unali kuti iwe?" anafunsa Mayi.

"Ndinapita kwa mnzanga kukatenga buku."

Mayi sanalimbane naye. Anatembenukira kwa Agogo.

"Bambo, nditachoka ine, batire linadzaza?"

"Linadzaza, mwana wanga. Nyali inabiriwira. Ndinazimitsa, ndinazula."

"Nanga bwanji ndalipeza lili patchaja? Nanga chikhoti chanu chapsa bwanji?"

Agogo anayang'ana pakona. Anayang'ana pamsomali. Kenako anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Ndinazula," anabwereza, koma tsopano mawu anali atachepa. "Ndikukumbuka kuti ndinakulunga chingwe. Kapena linali dzulo?" Anatembenukira kwa mdzukulu wawo. "Changu, iwe unali pano ukuyanika. Sunandione ndikuzula?"

Apa ndiye panali poyera, mawu amodzi okha akanakwana. Changu anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Sindinaone, Agogo. Ndinkayang'ana zovala."

Agogo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakhala pampando wawo, chikhoti chili pamiyendo.

"Ndiye kuti mwina ndine," anatero. "Mwina ndinadzuka n'kuona ngati likuzizidwa. Mutu uwu wandithawa, mwana wanga. Zaka zonse zija pantchito, ngakhale msomali sunasowepo pa nthawi yanga. Lero ndikanakuotcherani nyumba, ndi mwana yemwe. Pepani. Pepani ndithu."

Nkhalamba ija inapepesa kwa Mayi, kenako inapepesa kwa Changu, mpaka kumugwira dzanja. Changu anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi otentha kumaso. Koma anangobweza dzanja lake n'kulowa m'nyumba.

Madzulo amenewo Mayi anabwereka njinga yakapalasa kwa aneba n'kukagawa buledi mochedwa. Atabwera, miyendo ikuwawa, anaimbira foni Amalume. Changu anamva ali kukhitchini.

"Achimwene, munkanena zoona. Mubwere Lolemba madzulo mudzawatenge."

Tsiku lotsatira Agogo anali munthu wina. Akasamba m'manja ankabwerera kumpopi kukaona ngati atseka, kenako n'kubwereranso. Wailesi anaisiya osaifunditsa. Mphaka atabwera kudzagona pamapazi pawo, anatambasula dzanja kuti atenge kansalu, koma analibweza.

"Changu," anaitana, "tandionera, mdzukulu wanga, chitseko cha kuchipinda ndatseka? Maso ako ndi amene ndingawakhulupirire masiku ano."

Changu anapita kukaona. Chinali chotseka bwinobwino. Anaima m'chipindamo kanthawi, akupukuta maso ndi bulauzi, asanabwere kudzayankha.

6. Kwa Amakanika

Lolemba Changu ataweruka kusukulu, Mayi anamutenga kuti awathandize kukankha wilibala. Batire analiika m'ndowa yachitsulo yothiramo mchenga, ulendo kwa okonza njinga zamagetsi. Amakanika ake anali mayi wina wamtali, wovala ovololo, wa mawu aakulu. Anaika ndowa ija panja, anawerama n'kuyang'ana batire osalikhudza.

"Ili lafa, mayi," anatero. "Silikonzeka. Musakaliponye kudzala kapena m'bini, mulisiye konkuno, tili ndi kotaya kwake. Ndipo mwapulumuka. M'kati umu muli timabatire tambirimbiri togundana. Kamodzi kakapsa mtima kamayatsa kanzake, kanzakeko n'kuyatsa kena, ndipo moto wake si wozimitsa ndi kapu ya madzi ayi. Utsi wake wokha umagwetsa munthu.

"Anthu amati batire langofa lokha. Ayi, timalipha ndife. Wina amalitchaja likadali lotentha. Wina amalisiya pamagetsi iye n'kukagona mpaka kucha. Wina amalimaliza mpaka zii tsiku ndi tsiku, wina amaliiwala padzuwa. Koma oipitsitsa ndi aja amati tchaja ikalowa ndiye kuti ndi yake. Kodi kiyi aliyense wolowa paloko ndi wa nyumba yako? Tchaja yamphamvu kuposa batire imalikakamiza kumeza zimene silingathe. Iwe mtsikana, ukumva? Izi n'chimodzimodzi ndi foni yako. Osagona nayo pansi pa pilo ili pamagetsi, ndipo ikadzatupa osaipanikiza kuti ibwerere."

"Ndikumva," anayankha Changu, maso ali pa wilibala.

"Ife tchaja ndi yake yomwe," anatero Mayi. "Kungoti bambo anga analibwezera pamagetsi n'kulifunditsa chikhoti. Akula."

Amakanika anakanda m'mutu.

"Chikhoti chokha? Kaya. Kutentha kumawononga, inde, koma kutupa chonchi tsiku limodzi? Mwina linali kale ndi vuto m'kati. Sindinganene zimene sindinaone." Anapukuta manja pa ovololo. "Koma agogowo musawakalipire. Bambo anga nawonso anafika pomwepo. Kuiwalako sikunkawapweteka kwambiri. Chinkawapweteka n'kuona kuti anthu asiya kuwakhulupirira, mpaka iwo eni n'kusiya kudzikhulupirira."

Pobwerera wilibala inali yopanda kanthu, koma Changu ankaikankha pang'onopang'ono, chinthu chimene Mayi sanamuonepo akuchita.

"Wolakwa ndine," anatero Mayi ali m'njira. "Ndinawapatsa ntchito yoposa mutu wawo chifukwa ndinkafuna azisangalala."

Changu anangopitiriza kukankha wilibala, mutu uli pansi. Posakhalitsa anafika pageti.

7. Pawindo la galimoto

Galimoto ya Amalume inali itafika kale. Agogo anali atavala malaya awo abwino, atalongedza okha chikwama. Amalume ananyamula mpando wa pakhonde uja kuti aukweze.

"Umenewo usiye," anatero Agogo. "Kumeneko kulibe khonde."

"Chabwino, Bambo. Kumeneko mukapuma. Simukagwiranso chilichonse, ngakhale kuyatsa nyali. Zonse azikakuchitirani."

"Zikomo, mwana wanga."

Munthu uja ankakana kwamtuwagalu lero analowa m'galimoto yekha, osamukankha, n'kuika chikwama pamiyendo. Changu ataona zimenezo, chinthu china chinaduka m'chifuwa mwake.

"Amayi! Amalume! Si Agogo ayi. Ndine!"

Anafotokoza zonse, mwachangu chake chija, mawu akupondana. Za njinga, za kubwalo, za tchaja yobwereka, za chikhoti, za bodza limene ananena Loweruka. Atamaliza anali akulira mosisima.

Amalume ndi amene anayamba kuyankhula.

"Tchajayo unabwereka kwa ndani?"

Changu anakumbukira lonjezo lake kwa Lumo.

"Kwa munthu wina."

"Munthu wake ndani? Ili kuti tchajayo?"

"Ndinabweza. Koma afunseni anzanga, anandiona ndi njinga kubwalo."

"Anzako anganene chilichonse chimene ungawauze," anatero Amalume, osati mokalipa, koma mwachisoni.

Mayi anamugwira paphewa.

"Mwana wanga, njinga ndinaipeza pamalo pake, matayala ali oyera. Tchaja ndinapeza yathu. Iwe wemwe unanena pamaso pathu kuti sunaone kanthu. Lero galimoto yafika ndiye nkhani yasintha?"

Changu anali atabisa bwino kwambiri, moti tsopano iye mwini sakanathanso kufukula zimene anakwirira.

Agogo anatsitsa galasi la galimoto n'kumukodola. Changu anapita pawindo.

"Ndamva zimene ukuchita, mdzukulu wanga," anatero akumwetulira. "Ukufuna kusenza mlandu wa nkhalamba kuti isapite. Mulungu akudalitse. Koma bodza ndi bodza, ngakhale likhale lachifundo, ndipo usalizolowere. Ine ndinali mlonda. Katundu akawonongeka pa nthawi yako, sufunafuna wina womuloza chala, umavomera. Uzimvera mayi ako, uzilimbikira sukulu, ndipo kuthamangako uchepetse, kuthamanga sikufika."

"Agogo, ndikunena zoona! Inu munazula, ndinakuonani. Mutu wanu uli bwino!"

Agogo anamusisita patsaya.

"Leka, leka. Ndimakudziwa iwe. Njinga mwina ukanatenga, poti ndiwe Changu. Koma kundisiya ine ndili mtulo pambali pa moto, iwe n'kuthawa? Ayi. Mdzukulu wanga sangachite zimenezo."

Galasi linakwera. Galimoto inatuluka pageti n'kukhota.

Mayi anamukumbatira Changu, nawonso misozi ili m'masaya.

"Wakula, mwana wanga. Sindinkadziwa kuti agogo ako umawakonda chonchi."

Akanamumenya mbama bwenzi zili bwino. Kuyamikiridwa kumeneko Changu sanathe kukupirira.

8. Kometera

Anadzimasula m'manja mwa Mayi n'kutuluka pageti. Sanathamange. Anayenda mpaka pakona ya msewu, n'kulowa m'kanyumba kometera.

Lumo anali akumeta bambo wina wonenepa, wofunda nsalu mpaka m'khosi. Changu sanayang'ane kuti ndi ndani.

"Lumo, Agogo apita. Sakundikhulupirira. Tiye kwathu ukawauze Amayi za tchaja ija."

Lumo sanazimitse makina ometera. Sanatembenuke n'komwe.

"Tchaja iti?"

Bambo wa pampando uja anakweza dzanja pansi pa nsalu, ndipo Lumo anazimitsa makina. Apo m'pamene Changu anaona njinga yamoto yaikulu ija itaima pakhomo, ndipo anazindikira kuti wometedwayo anali bwana wake wa Lumo.

"Nanenso ndikufuna kumva," anatero bamboyo akumuyang'ana Changu pagalasi. "Yanga yakhala ikununkha chipsereza kuyambira Loweruka, ndipo mnyamatayu akuti sakudziwa kanthu. Tayankhula, mwana iwe. Tchaja iti?"